Kukwera Mapiri a M'malire: Zikalata Zoyenera Kukonza Musananyamuke ku Salima

Pamwamba pa phiri palibe ofesi ya Immigration. Magulu ambiri a achinyamata ndi a mipingo ochokera ku Salima kuno amaiwala zimenezi, n'kumaganiza kuti poti njira ya miyendo yadutsa yokha kulowa m'dziko lina, nawonso angodutsa. Chidindo chimapezeka pa boda yovomerezeka pokha, ndipo ulendo wonse muukonze mozungulira boda imeneyo.

Yambani ndi pasipoti. Ikhale ndi miyezi 6 kapena kuposerapo isanathe ntchito, komanso masamba opanda kanthu. Mmalawi safuna viza pokacheza masiku ochepa ku Zambia, Mozambique kapena Tanzania, koma wa Immigration amalemba masiku amene wakupatsani pachidindo pomwepo. Awerengeni musanachoke pawindo. Mukapitirira masikuwo mudzalipira chindapusa potuluka. Border pass musaidalire: imaperekedwa kwa anthu okhala m'mbali mwa malire, pa maulendo afupi monga kumaliro kapena kumsika, osati kwa gulu lochokera ku Chipoka lopita kukagona kuphiri mkati mwa dziko la eni. Ngati pagulu pali ana, tengani zikalata zawo zakubadwa ndi kalata ya chilolezo ya makolo.

Zidindo zimayenda ziwiriziwiri: chotuluka cha Malawi ndi cholowa cha dziko linalo, pobwera chimodzimodzi. Chimodzi chikasowa, vuto limadzaonekera pobwerera kapena pa rodibuloko, pomwe simungathenso kulikonza. Wotsogolera gulu aone pasipoti ya aliyense galimoto isanadzuke.

Mapiri ake amasiyana. Ku Dedza, mukakwera msewu wa Khwekhwerere kuchokera pa Golomoti, malire ali pafupi kwambiri moti cha ku Lizulu msewu wa M1 ndiwo malire enieniwo. Anthu akumeneko amawoloka tsiku ndi tsiku, chilankhulo n'chimodzi, ndiye n'kosavuta kupezeka muli ku Angónia, m'dziko la Mozambique, osadziwa. Ngati mukufuna mapiri a tsidya ilo, dindani kaye pa boda ya Dedza ndi Calomue. Ofuna kuphatikiza Mulanje ndi phiri la Namuli la ku Mozambique atsirize Sapitwa, wa mamita 3,002, atsike, awolokere pa Muloza kulowa Milange, kenako alowere ku Gurué, komwe kuli phirilo. Wokulondolerani amene munamutenga pa Likhubula ntchito yake imathera ku Malawi. Tsidya linalo pezani wina wakomweko, wodziwa Chipwitikizi ndi mafumu a m'deralo.

Nyika ndiye pamafunika kusamala kwambiri, chifukwa pakiyi ili mbali zonse ziwiri, Malawi ndi Zambia. Msewu wochokera pageti la Thazima kupita ku Chelinda umatsata malire, pena n'kulowako pang'ono ku Zambia, ndipo wongodutsa pamsewu safunsidwa chidindo. Kusiya msewu n'kutsikira m'midzi ya ku Zambia ndi nkhani ina: kumeneko mwalowa m'dziko popanda chilolezo. Risiti ya pageti ndi chilolezo cholowera m'paki basi, si chikalata chowolokera malire. Maulendo ataliatali a miyendo m'pakimu amafunanso msilikali wa zanyama, choncho auzeni a paki njira yanu yonse pasadakhale.

Za nthawi: maboda ambiri amatseka madzulo, ndipo ku Tanzania wotchi ili patsogolo ndi ola limodzi. Mukafika pa Songwe 5 koloko yathu, tsidya la Kasumulu yakwana kale 6. Kuchokera ku Salima kapena Nkhotakota kudzera msewu wa M5 ndi ulendo wa tsiku lonse, ndiye ndi bwino kugona ku Karonga n'kuwoloka m'mawa.

Pasipoti ikulungeni m'mapepala apulasitiki awiri, muyiike mkati mwa chikwama osati m'thumba la thalauza. Mvula ya kuphiri ikanyowetsa tsamba, inki ya chidindo imafalikira, deti osawerengekanso, ndipo pa boda angathe kuikana. Jambulani tsamba la chithunzi ndi zidindo zonse pafoni, fotokope imodzi musiye kunyumba, ina isungidwe ndi mnzanu wa pagulu.