Momwe mungadziwire kopita paipi iliyonse ya pa thanki ya njinga yamoto

Musanazule paipi iliyonse, tsekani tapu ya petulo, chotsani waya wa negative pa batire, jambulani pansi pa thanki ndi foni, kenako mangani tepi yolemba pa paipi iliyonse. Gwirirani ntchitoyi panja, kutali ndi mbaula ndi fodya.

Yambani ndi paipi ya petulo. Imachoka pa tapu kupita ku kabuleta, nthawi zambiri kudzera pa kasefa, ndipo bowo lake limakhala la mamilimita 5 kapena 6. Njinga zambiri za kabaza tapu yake imakhala ndi mlomo umodzi, ndiye apa palibe chosokoneza.

Chenjerani ndi tapu yolembedwa ON, RES ndi PRI, chifukwa ili ndi milomo iwiri. Waung'onowo ndi wa vacuum, ndipo paipi yake imakalowa pakhosi lolumikiza kabuleta ndi injini. Injini ikalira imakoka mpweya, kamphira ka m'kati mwa tapu n'kutsegulira petulo njira. Ngati mukukayika, ikani kachitini pansi, tembenuzirani tapu pa PRI, pamene petulo amatuluka ngakhale injini isakulira: mlomo umene watulutsa petulo ndiwo wa ku kabuleta. Mukapeza petulo m'paipi ya vacuum, kamphirako kang'ambika, n'chifukwa chake pulagi ikuda mwaye ndipo mafuta sakuchedwa kutha.

Mathanki ena ali ndi timilomo tina tiwiri tofanana pansi. Tsegulani chivundikiro, popani mpweya pa kamlomo kamodzi ndi pampu ya njinga yakapalasa, osati ndi pakamwa. Mpweya ukatulukira pa kabowo ka m'ngalande yozungulira pothirira mafuta, kamlomoko n'kotayira madzi a mvula. Paipi yake imangolendewera pansi, kutali ndi ekizozi. Ikatsekeka, madzi amalowa m'thanki mukangotsegula chivundikiro.

Kamlomo kenako n'kopumira thanki, ndipo musakanyoze. Paipi yake ikapindika kapena kupanikizika ndi thanki, mpweya sulowa, petulo amaleka kutsika, njinga n'kuzima mutayenda pang'ono. Mukatsegula chivundikiro mumamva kuti psii, njinga n'kuliranso. Njinga zing'onozing'ono zambiri zimapumira pa kabowo ka m'chivundikiro momwemo, ndipo fumbi limakatseka.

Paipi yong'aluka musaisinthe ndi yapulasitiki yoonekera m'kati, ija ya madzi. Petulo wa ku Malawi kuno amasakanizidwa ndi ethanol, ndipo paipi yotereyi imauma n'kung'aluka. Gulani yamphira yopangidwira mafuta, imangeni ndi makilipi mbali zonse, tsegulani tapu, ndipo pititsani chala chouma pamalumikiziro onse musanalize injini.