Kupalasa njinga nthawi yozizira kuno ku Joni, osaitsekera mpaka Seputembala

Juni akangolowa njinga zambiri za anzathu kuno ku Joni zimakalowa kuseri kwa chitseko, ena mpaka amaziyanikapo matawulo kudikira Seputembala. Inenso chaka changa choyamba ndinachita zomwezo. Koma pano ndikuuzeni amwene, miyezi yokoma kupalasa kuno ndi yomweyi, Juni, Julayi mpaka Ogasiti. Mvula kulibe, ziphaliwali za masana zija za mu Disembala kulibe, matope kulibe, kumwamba olo kamtambo tsiku lonse. Chovuta ndi chimodzi basi, kuzizira kwa m'mawa, nde ukangodziwa kuthana nako zinazo ndi zophweka.

Choyamba kumvetsa kuzizira kwake, chifukwa si kwa kumudzi kuja. Johannesburg ili pamwamba zedi, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, kuposa pa boma la Dedza pomwe timati ndi kozizira paja. Komanso si chiperoni cha ku Thyolo kapena ku Mulanje chomwe chimabwera ndi nkhungu ndi kamvula kowaza tsiku lonse ayi, kuno ndi kuzizira kouma. Usiku kumatsika kufika madigiri 4, masiku ena mpaka 0, kukacha udzu uli mbuu ndi chisanu, koma ikamati 12 koloko dzuwa lili phwee madigiri 16 kapena 17. Ndiye kuti paulendo umodzi womwewo unyamuka mano akugundana, pobwerera thukuta lili kamukamu. Mavalidwe, nthawi yonyamukira, njira yodzera, zonse zikuchokera pamenepa.

Ngati ukungopalasa kuti uwongole miyendo pa Loweruka kapena pa Sabata pochokera ku tchalitchi, palibe chifukwa chodzizunzira 6 koloko. Kumudzi tinazolowera kuti 6 ikamakwana kwayera kale, kuno mu Juni dzuwa limatuluka 7 koloko itatsala pang'ono ndipo ikamadutsa 5 madzulo likukalowa, hafu pasiti 5 mdima wayamba. Ine ndimanyamuka cha m'ma 9, chisanu chitasungunuka, nkubwerera 1 koloko isanakwane. Amene mumapalasa popita ku ntchito mulibe kusankha ndikudziwa, koma dziwani kuti mphindi zozizira kwambiri ndi zija dzuwa likungotuluka, osati pakati pa usiku ngati mmene ambiri timaganizira. Ndipo nthawi yomweyo dzuwa limakhala lili m'munsi, likuthobwa m'maso madalaivala onse olowera kum'mawa, galasi lawo lakutsogolo litachita nthunzi, nde iwe uli kutsogolo kwawo sakukuona olo pang'ono. Ukaona chithunzithunzi chako chatalika kutsogolo kwako, dziwa kuti amene akubwera mokumana nawe ndi amene sakukuona. Chikakhala kumbuyo kwako, wakumbuyoyo ndi amene wathobwedwa, dzera m'mbali kwambiri.

China chomwe ndinachiphunzira ndi thupi langa, mphepo yozizira imatsikira m'zigwa usiku nkukhazikika momwemo. Uchoka pamtunda ngati ku Northcliff kapena ku Melville ukumva bwinobwino, ukangotsetserekera ku mtsinje wa Braamfontein Spruit zimakhala ngati wina watsegula fuliji. Nde m'mawa yamba ndi njira za pamtunda zomwe dzuwa lafikako kale, kumtsinje ukafikeko kutafunda.

Tsopano zovala, apa ndi pomwe ambiri timalakwitsa. Ulendo wanga woyamba wa mu Julayi ndinavala chijekete chija cha ubweya mkati chomwe ndimavala podikira takisi, mkati juzi, mkati mwakenso tisheti ya thonje, koma m'manja mulibe kanthu. Chitunda choyamba ndinali nditanyowa kale ngati ndagwa m'madzi, potsetsereka mphepo inalowa, tisheti yonyowa ija inasanduka ayisi pamsana, ndipo zala zinauma moti pofika pa maloboti ndinalephera kukoka buleki, ndinaima ndi mapazi ngati mwana wophunzira njinga. Wa takisi wina anandiimbira huta mpaka ndinamva manyazi. Kuyambira tsiku limenelo ndimadziwa kuti thupi limadzitenthetsa lokha ukamapalasa, zomwe sizidzitenthetsa ndi zala za m'manja, zala za kumapazi ndi makutu.

Nde valani zopyapyala zingapo m'malo mwa chimodzi chokhuthala. Pakhungu pakhale chosasunga thukuta, jezi ya mpira ija ya nayiloni imagwira ntchito bwino kwambiri, thonje ayi chifukwa likanyowa siliuma msanga. Pamwamba pake kajuzi kopepuka ka manja aatali, kunja kajekete kotchinga mphepo kokhala ndi zipi, koti kukafunda ukavule nkukapinda kulowa m'thumba. Potuluka pakhomo uzimva kuzizira pang'ono, ukamatuluka ukumva kufunda bwino dziwa kuti wavala zambiri, pakatha mphindi khumi uyamba kuvutika. Pokwera chitunda tsegula zipi usanayambe kutuluka thukuta, ukafika pamwamba tseka usanatsike. Ndipo pali kanjira kakale kosalira ndalama, tenga nyuzipepala kapena timapepala ta masitolo tija amatiponyera pageti, upinde ulowetse pachifuwa mkati mwa jekete. Imatchinga mphepo modabwitsa, kukafunda umangoitaya mu bini.

Magolovesi musanyengerere. A ubweya otchipa aja okha mphepo imangodutsa, bola kuvala awiri, a ubweya mkati, kunja aja a ntchito omwe anzathu a m'magadeni ndi a pa konsitirakishoni ali nawo kale. Ingoyesa kaye kukoka mabuleki ndi kusintha magiya usananyamuke, asakhale okhuthala moti chala chikukanika kupinda. Kumapazi sokosi imodzi yokhuthala, ndipo nsapato isathine chifukwa ikathina magazi sayenda, mapazi amazizira kuposa. Kukazizira zenizeni ine ndimavala kapulasitiki ka buledi kutsogolo kwa phazi pamwamba pa sokosi kenako nsapato, anthu amaseka koma zala zanga zimafika zamoyo. Miyendo buluku ya tiraki yopyapyala ndi yokwana, mwendo wakumanja uulowetse mu sokosi tcheni ingaudye. Maondo osawasiya pamtunda kukazizira, amadzakupweteka madzulo.

Kumutu kansalu kopyapyala kophimba makutu ndi khosi, koti ukhoza kukakokera pamphuno, pamwamba pake helemeti. Chipewa chaubweya chachikulu chija sichilowa bwino pansi pa helemeti, ndipo musati ndisiye helemeti ndivale chipewa, kuno lamulo limati aliyense wokwera njinga pamsewu avale helemeti, linayamba mu 2004. Zakumudzi zokwera kabaza mutu uli pamtunda tizisiye ku Mchesi. Milomo ndi m'masaya pakani Vaseline musanatuluke apo ayi muzabwera milomo itang'ambika, mpweya wa kuno nthawi ino ndi wouma koopsa. Magalasi a m'maso amathandizanso, olo otchipa a ku China Mall, chifukwa mphepo yozizira imakhetsa misozi potsetsereka ndipo ukhoza kulowa pa dzenje osaliona.

Njinga yake siifuna zambiri, olo yogula kwa munthu pa Facebook kapena ku shopu ya katundu wakale ya Cash Crusaders bola ikhale ndi magiya, chifukwa Joni ndi zitunda zokhazokha ndipo mpweya ndi wochepa kuno kumtunda, masabata oyamba uzapuma wefuwefu usadabwe. Mdani wa njinga nthawi ino ndi fumbi. Oyilo wa galimoto uja timathira pa tcheni kumudzi kuno amangokoka fumbi nkupanga phala lakuda lomwe limadya tcheni ndi mano a magiya. Gulani kabotolo ka mafuta a tcheni olembedwa kuti ndi a nyengo youma, pukutani tcheni ndi kasanza, donthezani pang'onopang'ono mukuzunguza pedulo chobwerera m'mbuyo, dikirani pang'ono nkupukutanso otsalawo. Kamodzi pa sabata zakwana. Matayala muziwafinya m'mawa uliwonse chifukwa kukazizira mpweya umachepa mphamvu, ndipo tayala lofewa likagunda mwala limatsina chubu. Udzu ukauma timinga timachuluka m'tinjira ta m'mapaki, nde chubu chapadera, pampu, zomatira ndi tizitsulo tochotsera tayala zisachoke m'chikwama. Ine ndimakonda kungosintha chubu chonse panjira nkukamata kunyumba, kumata pachi ndi zala zouma ndi chisanu ndi chilango.

Magetsi a njinga, loyera kutsogolo lofiira kumbuyo, aja otchaja pa USB. Muziwayatsa olo masana. Batire limatha msanga kukazizira nde tchajani usiku uliwonse, ndipo kavesiti kowala kaja ka alonda kavaleni pamwamba pa jekete mukadziwa kuti mdima ukupezani panjira. Maloboti akafa, kaya ndi magetsi kuzima kaya aba mawaya, pamphambano pamakhala poti aliyense aime kaye nkudutsa motsatana ndi mmene mwafikira, koma iwe wa njinga usadalire zimenezo, yang'ana dalaivala m'maso kaye. Matakisi amaima paliponse munthu akangokweza chala, usawatsatire pafupi ndipo usadutse kumanzere kwawo ataima, chitseko chimatseguka nthawi iliyonse. Pa misewu ikuluikulu ngati M1, N1 ndi N3 njinga siiloledwa nkomwe.

Kopita kulipo kwambiri. Ongoyamba kumene, Zoo Lake kapena Emmarentia Dam ndi pabwino kuzolowera, anthu amakhala ambiri nde mtima umakhala m'malo. Kuchokera ku Emmarentia kanjira kafumbi kamatsata Spruit kudutsa ku Delta Park nkumapitabe kumpoto mbali ya ku Bryanston, mulibe magalimoto kupatula podutsa misewu, ndipo nthawi yozizira ndi pomwe kamakoma chifukwa matope onse auma. Ingodziwani kuti Loweruka 8 koloko m'mawa ku Delta Park kumadzaza anthu othamanga a parkrun, ndi agalu omwe, nde mufike itadutsa 9. Timilatho tamatabwa ndi udzu wa pamthunzi zimaterera chisanu chisanasungunuke, pamenepo osagwira buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, dutsa mowongoka basi. Miyendo ikalimba pitani ku Cradle of Humankind kupitirira Muldersdrift, misewu yake ili ndi mbali ya njinga ndipo kumapeto kwa sabata okwera njinga amakhala ngati nyerere, koma kumeneko m'zigwa kumazizira kuposa m'tauni, musanamizidwe ndi dzuwa. Kuli malo ena otchingidwa ngati Northern Farm ndi Modderfontein Reserve komwe umalipira pageti, kwa ine ndalama imeneyo siindipweteka mtima chifukwa umapalasa osacheukacheuka.

Kucheukako ndikunena zoona zake, Joni tikuidziwa tonse. Njinga zimalandidwa, makamaka munthu akakhala yekha kumalo kopanda anthu m'mawa kwambiri kapena chakumadzulo. Pezani anzanu awiri atatu, pangani kagulu pa WhatsApp, uzani wina kunyumba njira yomwe mwadzera. Foni m'thumba lamkati, zomvera nyimbo m'makutu ayi, ndipo kope ya pasipoti ndi pemiti muzikhala nayo mu kapulasitiki, mukudziwa kale chifukwa chake. Pamsewu muziyenda mondondozana, osati mogundana mapewa mukucheza za Bullets ndi Wanderers.

Madzi imwani olo mulibe ludzu. Kusowa ludzuku ndi bodza lalikulu la nyengo yozizira, sumva ludzu koma mpweya woumawu ukukuyamwa madzi ndi kupuma komwe, ukafika kunyumba mutu waa osadziwa chachitika nchani. Botolo limodzi pa ola, ine ndimathiramo madzi ofunda ponyamuka kuti asandizizire mano. Usatuluke ndi njala, phala kapena tiyi ndi mbatata ola limodzi usananyamuke, m'thumba nthochi ndi mtedza. Mukaima kupuma imani padzuwa, valani jekete nthawi yomweyo ndipo musakhalitse, thupi lonyowa likazizira kuliyambitsanso ndi ntchito. Pofika pakhomo vula zonyowazo kaye usanayambe za foni.

Masiku ena ndi ongokhala pansi. Nthawi ino tchire limapsa kwambiri m'mbali mwa misewu, kuphatikiza utsi wa malasha ndi nkhuni womwe umagona pamwamba pa makomboni m'mawa ndi madzulo, nde ukaona kunja kuli chifunga chofiirira ndipo uli ndi chifuwa kapena mphumu, dikira dzuwa likwere utsiwo ubalalike. Ukakumana ndi moto wa tchire utsi utatseka msewu usalowemo, magalimoto sakukuona mmenemo. Ogasiti amabwera ndi chimphepo cha fumbi, njira yake ndi kuyamba ulendo molimbana nayo mphamvu zikadalipo kuti pobwerera izikukankha kumsana. Ndipo mukamva pa nyuzi kuti kukubwera chimphepo chozizira kuchokera ku Cape, masiku awiri amenewo olo masana sikufunda, monga pa 10 Julayi 2023 paja kunagwa sinoo m'madera ambiri a Joni anthu nkumajambula mavidiyo kutumiza kumudzi. Tsiku limenelo yanga inagona kuseri kwa chitseko, ndinaitulutsa Loweruka lotsatira cha m'ma 10.