Momwe mungasamalire mabakiteriya m'damu la nsomba zochuluka

Mlimi amene amaweta nsomba zambiri za mtundu wa tilapia m'damu laling'ono amawetanso mabakiteriya, afune asafune. Pa nayitirojeni wa m'zakudya zomwe mumaponya m'madzi, wotsalira m'thupi la nsomba ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Wina yenseyo amathera m'madzi, makamaka ngati amoniya, yemwe ndi chiphe. Omwe amasukulutsa chiphechi ndi mabakiteriya: a gulu la Nitrosomonas amasandutsa amoniya kukhala nitrite, kenako a Nitrobacter ndi Nitrospira amasandutsa nitrite uja kukhala nitrate, yemwe savuta kwenikweni. Amenewa ndiwo oyenera kuwalera.

Yambani damu lili lopanda nsomba. Mukakolola, phwetsani madzi onse ndipo pansi paume mpaka pachite ming'alu; dzuwa likamaswa mtengo zimatenga ngati masabata awiri. Matope akuda onunkha ngati dzira lovunda muwachotse. Fungolo ndi mpweya wakupha wochokera kwa mabakiteriya okonda malo opanda okisijeni. Kenako wazani laimu ndi kudzaza madzi.

Apa ndi pomwe ambiri amapupuluma. Mabakiteriya odya amoniya amaswana pang'onopang'ono, ndipo kuti akhazikike pamafunika masabata 4 mpaka 6. Mukaikamo nsomba, m'masabata amenewa dyetsani mochepa, n'kumawonjezera madzi akamasonyeza kuti amoniya ndi nitrite atsika. Mbewu ya nsomba yochokera kwina iyambe yakhala payokha masiku angapo, ndipo maukonde asamangochoka damu ili kulowa damu lina asanatsukidwe ndi kuyanikidwa.

Chotsatira ndi kadyetsedwe. Ponyani chakudya chimene nsomba zingamalize m'mphindi 15 kapena 20. Chotsala chimamira, n'kuwola, n'kukhala phwando la mabakiteriya omwe simukuwafuna.

Nkhani yaikulu ndi mpweya. Kuti asandutse galamu imodzi ya nayitirojeni wa mu amoniya, mabakiteriya aja amagwiritsa ntchito magalamu pafupifupi 4.6 a okisijeni, ndipo akulimbirana mpweya womwewo ndi nsomba komanso ndere, zomwe usiku zimamwa mpweya m'malo moutulutsa. N'chifukwa chake damu muziliyendera m'bandakucha. Mukapeza nsomba zikuyasama pamwamba pa madzi, mpweya watha. Yatsani makina ovundula madzi ndipo m'mawawo musadyetse. Yesetsani kuti okisijeni asatsike kupitirira mamiligalamu 4 pa lita. Muziyezanso pH, muyeso wosonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi (asidi akachuluka, pH imatsika). Ntchito ya mabakiteriyawa imaitsitsa pang'onopang'ono, choncho ikayandikira 6.5 onjezerani laimu. Koma masana ndere zikachuluka pH imakwera, ndipo ikadutsa 9 amoniya yemwe m'mawa sanali kuvuta amayamba kupha.

Ena amasankha njira ya biofloc, yomwe katswiri wa ku Israel, Yoram Avnimelech, anathandiza kwambiri kuitukula. Amathira molasesi (manyuchi akuda otsala popanga shuga) m'madzi kuti kaboni wochokera mu molasesiyo achuluke kuposa nayitirojeni pafupifupi maulendo 15. Mabakiteriya amtundu wina amameza amoniya uja, n'kuundana timibulu tomwe nsomba zimadya. Njirayi ndi yabwino ndithu, koma makina ampweya sayenera kuzima usana ndi usiku. Ngati mulibe jenereta yodalirika, musaiyese. Maola ochepa chabe nsomba zonse zitha kuyandama.

Mabakiteriya oyambitsa matenda nawo amakhala m'damu momwemo, kungodikira nsomba zifooke. Streptococcus agalactiae amalusa madzi akatentha kufika cha m'ma digiri 30 Celsius: nsomba imasambira mozungulirazungulira, maso atatong'oka. Aeromonas hydrophila amabweretsa zilonda zofiira pakhungu, pomwe Flavobacterium columnare amadya zipsepse ndi ziwalo zopumira. Mukaona izi chepetsani chakudya kapena lekani kwa masiku angapo, onjezerani mpweya, ndipo zakufa muzivuule tsiku lomwelo n'kuzikwirira kutali, poti zinzake zikamazijompha matenda amafalikira msanga.

Mankhwala opha mabakiteriya musathire mwachisawawa. Sasankha: amapha ndi odya amoniya omwe, ndipo opulumuka amasanduka nkhutukumve, mankhwala osawagwiranso. Tengani nsomba zodwala zikadali zamoyo mupite nazo kwa mlangizi kapena dokotala wa ziweto, akayeze kuti adziwe kachilombo kake asanakuuzeni mankhwala oyenera.