Momwe mungasandutsire makatuni kukhala masewera oumba zidole

Ana ambiri kuno ku Nkhotakota akangoweruka kusukulu ndi pa TV basi, kapena alanda foni ya amayi awo, makatuni mpaka batire kutha. Kuwathimitsira mwaukali sikuthandiza, amangosamukira kwa aneba. Bola mugwiritse ntchito katuni yomweyo.

Choyamba khalani naye pansi muonere limodzi gawo limodzi lokha. Ngati mungapeze katuni ya nkhosa yotchedwa Shaun the Sheep yambirani pamenepo, poti mulibe zoyankhula ndiye Chingerezi si vuto, komanso nkhosa zija sizojambula ayi, ndi zidole zoumba ndi manja zomwe a kampani ya Aardman aku Bristol ku England akhala akupanga kuyambira 2007, amasuntha chidole pang'ono n'kutola chithunzi, kusunthanso n'kutolanso. Mwana mukamuuza zimenezi amayamba watsutsa. Muuzeni kuti tiye tikayese.

Kenako dongo. Lakudambo kapena lapachulu ndi labwino, koma mukatape nokha akuluakulu, osatuma ana m'mbali mwa Bua kapena Kaombe, ng'ona ndi likodzo si nkhani yocheza. Chotsani timiyala ndi mizu, thirani madzi pang'onopang'ono mukukanda mpaka lisiye kumata m'manja. Likakhala lonanda kwambiri onjezani kamchenga kosefa, apo ayi ng'ombe yanu idzang'aluka msana. Miyendo ndi nyanga lowetsani timitengo ta machesi mkati kuti zisathyoke. Ndipo poumitsa ikani pamthunzi, pakhonde kapena kuseri kwa nkhokwe, chifukwa dzuwa lathu la kunyanja kuno makamaka mu Okutobala limaumitsa kunja mkati mukadali mwamadzi, mawa lake mupeza mutu uli pawokha mwana akulira.

Amene simufuna matope m'nyumba, Play-Doh wa m'mashopu, phala lofewa ngati dongo lomwe ana amaumbira zidole, ndi wodula ndipo kuno sapezeka wamba, pangani wanu. Makapu 2 a fulawa, kapu 1 ya mchere wosalala, kapu 1 ya madzi ndi supuni ya mafuta ophikira, kandani ngati mukupanga mandasi. Mtundu thirani kalala wa makeke uja. Mgaiwa musayese n'komwe, umangoyoyoka. Mukamaliza mangani mu jumbo musunge pozizira, ukayamba kununkha chuku tayani. Kamwana kamene kamaika chilichonse mkamwa musakasiye kokha, mcherewo ndi wambiri zedi, ngakhale galu asadye.

Apa ndiye pamene makolo ambiri amaononga: kumuumbira mwana. Nkhosa yake ikaoneka ngati mbatata yamiyendo isiyeni choncho, mufunseni dzina lake, ikupita kuti, ikudya chani. Akatopa ndi za pa TV mumuuze aumbe zomwe amaona tsiku lililonse, bwato ndi msodzi wake, kabaza atanyamula thumba la mpunga, chambo pa mbale. Zimenezi amazidziwa bwino kuposa nkhosa za ku England ndipo mudzadabwa tinthu tomwe amaika, mpaka nkhafi.

Chomaliza, filimu. Tsamiritsani foni pa njerwa isagwedezeke, ikani zidole zikadali zofewa pa katoni, tolani chithunzi, mwana asunthe mwendo pang'ono, tolaninso. Pali app yotchedwa Stop Motion Studio yomwe imalumikiza zithunzizo, mukaiika pa zithunzi 10 pa sekondi ndiye kuti zithunzi 50 zikupatsani masekondi 5 okha, choncho musalonjeze filimu yaitali. Mawu a ng'ombe ndi phokoso la injini alowetse yekha ndi pakamwa.

Mwana amene zamugwira mtima, tsiku lina mupite naye ku Nkhotakota Pottery akaone akuluakulu akuumba makapu ndi mbale n'kumadyera pomwepo. Ingofunsani kaye musananyamuke ngati tsikulo akuumba. Musanadye nsima aliyense asambe m'manja ndi sopo, dongo limabisala m'zikhadabo.