Mwana ali ndi kamlandu ku polisi koma akufuna udokotala ku England: poyambira

Mphwanga anali ndi zaka 19 pamene anamugwira atatenga mahedifoni m'sitolo ina ku Leeds osalipira. Ku polisi anamuuza kuti akavomera amupatsa caution, azipita kwawo usiku womwewo osakaonekera kukhoti. Anasayina. Mayi ake, omwe ndi mlongo wanga, mtima unakhala pansi poganiza kuti zatha. Patapita chaka, mnyamatayo akudzaza fomu ya UCAS, yofunsira malo ku mayunivesite a ku UK, anangoona funso la milandu latulukira atasankha udokotala. Foni inalira kwa ine, paja malume ndiye amasenza zoterezi.

Musanayankhe funso limenelo, dziwani kaye chomwe apolisi analemba. Ana athu amati "anangondichenjeza basi", koma caution si kukalipiridwa pamsewu. Munthu amakhala wavomera mlandu, ndipo dzina lake limalowa m'kompyuta ya apolisi. Mwanayo alembere yekha ku ACRO Criminal Records Office, ofesi ya apolisi yoona za mbiri ya milandu, kupempha zomwe zikusungidwa zokhudza iye. Salipiritsa, ndipo yankho limatenga pafupifupi mwezi. Achite zimenezi mu July kapena August, chifukwa mafomu a udokotala amatsekedwa pa 15 October.

Pepalalo likabwera, yang'anani tsiku limene caution inaperekedwa kapena khoti linagamula, ndi zaka zomwe mwana anali nazo tsikulo. Apa m'pamene ambiri timasokonezeka. Lamulo la 1974, Rehabilitation of Offenders Act, limati mlandu ukakhalitsa munthu safunikanso kuutchula pofunsira ntchito zambiri. Mnzanga wina wa kutchalitchi anaumirira pomwepo kuti mphwanga akhale chete. Sankadziwa kuti mu 1975 ntchito ngati udokotala anazichotsa pa chitetezo chimenecho. Chomwe chimathandiza wofuna udokotala ndi kusefa kwa DBS, bungwe la boma lopereka satifiketi yoonetsa milandu ya munthu. Kusefaku, komwe ndi kusaonetsa milandu ina pa satifiketiyo, kunayamba mu 2013 n'kusinthidwa pa 28 November 2020. Caution ya mwana wosakwana zaka 18 siituluka yokha pa satifiketi. Ya wamkulu imasefedwa pakatha zaka 6. Mlandu wogamulidwa kukhoti umasefedwa pakatha zaka 11, kapena zaka zisanu ndi theka ngati munthu anali asanakwane 18, bola sanagamulidwe kukakhala kundende. Palinso mndandanda wa milandu ikuluikulu, monga yogwiririra ndi yovulaza anthu kwambiri, yomwe siisefedwa ngakhale munthu atamera imvi. Chomwe chasefedwa simukakamizidwa kuchitchula.

Mphwanga akanachita zopusa zakezo ali ndi zaka 17, bwenzi tisanavutike chonchi. Koma pa 19, caution yake imayenera kuoneka mpaka atafika 25. Ndiye panalibe zozembera, chifukwa sukulu iliyonse ya udokotala imapempha enhanced DBS, satifiketi yofufuza mozama, mwana asanayandikire wodwala. Pa mtundu umenewu apolisi amathanso kuwonjezera zina zomwe akuona kuti n'zofunika. Ku Scotland ndi ku Northern Ireland ali ndi mabungwe awo, Disclosure Scotland ndi AccessNI, ndipo malamulo ake amasiyanako, choncho amene akufunsira ku Glasgow kapena Belfast asadalire masamu ndapereka apawa.

Mwana akayankha kuti inde pa funso la milandu lija, sukulu imapempha kalata yofotokoza zomwe zinachitika, ndipo ena amaitana mwanayo kukakumana ndi kagulu koona za khalidwe. Kalata imeneyi ndi imene inatidyera nthawi. Yoyamba yomwe mphwanga analemba inadzaza ndi anzake: anzake ndiwo anamutuma, anzake ndiwo anathawa, mlonda wa m'sitolo anali wankhanza. Ndinamufunsa kuti, "Kodi iwe, dzanja lomwe linatenga mahedifoniwo linali la ndani?" Anakwiya, masiku awiri osandiyankhula. Yachiwiri inapitirira mbali inayo, kulira kokhakokha ngati uthenga wa maliro, mpaka kutchula agogo ake a ku Ntcheu omwe nkhaniyi sakuidziwa n'komwe. Yachitatu inali ya tsamba limodzi: tsiku, malo, chomwe anatenga, chomwe apolisi anachita, kuvomera kuti analakwa yekha, ndi zomwe wachita kuchokera pamenepo, kuphatikizapo chaka chathunthu akusamalira okalamba. Tinaikapo ndi kalata ya bwana wake wa kuntchitoko, yemwe anali atauzidwa zonse.

Anthu a m'kagulu kaja amafuna kuona ngati munthuyu angamusiyire kiyi wa kabati ya mankhwala ndi mafayilo a odwala. Kuba kamodzi uli mnyamata amatha kukumvetsa, ngakhale milandu ya chinyengo amaiyang'anitsitsa kuposa kuthamangitsa galimoto. Chomwe sachimvetsa ndi kuyankha kuti ayi, kenako satifiketi n'kubwera ikunena zina. Pamenepo malo amatha kulandidwa ngakhale mwana atayamba kale makalasi, ndipo bodzalo limamutsatira mpaka ku General Medical Council, komwe aliyense womaliza udokotala amakalembetsa asanayambe chaka choyamba cha ntchito. Ngati simukudziwa kuti kanthu kena mukatchule kapena ayi, funsani bungwe la Unlock, lomwe limathandiza anthu okhala ndi mbiri ya milandu, kapena lemberani ofesi yolandira ophunzira pa imelo kuti yankho lawo mukhale nalo.

Kwa ana omwe abwera kuchokera kumudzi posachedwa pali china. DBS siiona za ku Malawi, motero sukulu zimapempha kalata ya apolisi a dziko lomwe mwana anakhalako. Imafuna zidindo za zala komanso wachibale woti azikayendera ku Area 30 ku Lilongwe, ndiye iyambitseni msanga.

Mphwanga anakakumana ndi kagulu ka pasukulu ina atavala jekete langa, manja ake atalika pang'ono. Akuti funso loyamba linali loti afotokoze zomwe zinachitika m'sitolomo osayang'ana pa kalata.