Momwe mungayendetsere ndalama za pakhomo pamene zinthu zadula ndipo tsiku lopuma pa ntchito likutalikira

M'maiko angapo zaka zopumira pa ntchito zikukwezedwa. Ku China anayamba mu Januwale 2025 kusuntha pang'onopang'ono msinkhu wa amuna kuchoka pa 60 kupita pa 63. Ku Britain msinkhu wolandirira penshoni ya boma ukuchoka pa 66 kupita pa 67. Chifukwa chachikulu ndi ichi: anthu akukhala ndi moyo nthawi yaitali atapuma, ndiye thumba la penshoni likulemedwa. Kwathu kuno ogwira ntchito m'boma ambiri amapumabe pa zaka 60, koma chimene chikutalikitsa ntchito ndi kudula kwa zinthu. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu wa ku Kawale kapena ku Area 25 amene ankaganiza zopuma msanga tsopano akufunafuna kontrakiti yoti apitirize. Koma zaka zowonjezerazo zimathandiza pokhapokha ngati ndalama ya mwezi uno yasiya kuchucha, pakuti ndalama ya ndiwo za lero ndi ya ukalamba zimatuluka m'thumba limodzi. Nazi zoyenera kuchita, motsatana.

Yambani ndi kudziwa tsiku lanu

Pitani kwa oyang'anira antchito kuntchito kwanu mukafunse zinthu ziwiri: msinkhu wopumira umene uli m'malamulo a thumba la penshoni yanu, ndi tsiku lobadwa limene lili m'failo mwanu. Liyerekezeni ndi la pa chiphaso cha unzika. Masiku awiriwa akasiyana, malipiro a penshoni amachedwa pamene akufufuza kuti loona ndi liti, ndipo nthawi imeneyo malipiro a mwezi amakhala atasiya kale. Kukonza zimenezi mudakali pa ntchito n'kosavuta kusiyana ndi kuzithamangira mutapuma. Mukadziwa tsikulo, werengani miyezi yotsala. Wotsala ndi zaka 8 ali ndi malipiro 96 okha, ndipo nambala imeneyi ilembedwe patsamba loyamba la kope limene mugwiritse ntchito pa gawo lotsatirali.

Mwezi umodzi wongolemba

Gulani kope wamba la kusukulu. Kwa masiku 30 musasinthe kalikonse pa kagwiritsidwe ntchito ka ndalama, muzingolemba chilichonse chotuluka usiku uliwonse: minibasi, kabaza, tomato, mayunitsi a foni, bandulo, chopereka cha kutchalitchi, chipepeso cha maliro, komanso ndalama yodulidwa potumiza kapena potapa pa Airtel Money ndi Mpamba. Bambo ndi mayi alembe m'kope limodzi. Apa ndi pamene ambiri amalephera, chifukwa wina amabisa ngongole, wina amabisa zimene amatumiza kumudzi kwawo, ndiye ndondomeko yomangidwa pa nambala zabodza imagwa sabata yachiwiri.

Pakutha pa mwezi gawani zolembazo pa milu itatu. Mulu woyamba ndi wa zosasuntha monga lendi, madzi, magetsi ndi ulendo wa kuntchito. Wachiwiri ndi chakudya ndi moto wophikira. Wachitatu ndi zonse zotsala, ndipo kawirikawiri m'menemo ndi m'mene muli bowo. Muwonjezere mulu wachinayi umene kope la mwezi umodzi silionetsa: zobwera kamodzi kapena katatu pa chaka, monga zofunika za sukulu mu Seputembala, feteleza ndi mbewu mvula isanayambe, ndi chimanga cha chaka chonse. Phatikizani zonsezi, gawani ndi 12, ndipo chotulukacho chizipatulidwa tsiku lolandira malipiro. Zimenezi ndizo zimaponya anthu kwa a katapila, ngakhale kuti mwezi wake umadziwika chaka chisanayambe.

Chimanga: pamene pali phindu lalikulu

Mu Lilongwe chimanga chimatsika mtengo anthu akangokolola, kuyambira cha mu Epulo mpaka Juni, ndipo chimakwera kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale. Banja logula ufa wa pa walkman tsiku ndi tsiku limalipira mtengo wokwera chaka chonse. Choyamba dziwani kuti thumba la makilogalamu 50 limakhala masiku angati pakhomo panu: lembani tsiku lopita nalo kuchigayo ndi tsiku limene ufa wathera. Ngati latha m'masiku 30, mukufuna matumba 12, ndipo muwonjezerepo limodzi kapena awiri a alendo ndi maliro. Ngati ndalama siikwana onsewo, gulani a miyezi ya njala yokha, kuyambira Disembala mpaka Malichi, muwasunge osawakhudza.

Musathamangire chimanga choyambirira kufika pamsika, chimakhala chisanaume. Cha chinyezi chimalemera pa sikelo, kenako chimapepuka n'kuchita chuku, ndipo chimanga cha chuku ndi choopsa ku thanzi, makamaka la ana. Yesani motere: tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo mchere wouma ndi chimanga chodzaza dzanja, tsekani, khutchumulani, n'kudikira mphindi zingapo. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikufunika kuyanikanso. Kumisika ya kunja kwa mzinda monga Mitundu ndi Nsundwe mtengo umatsikirapo, koma werengerani ndalama ya galimoto musanasangalale. Kupita mabanja atatu kapena anayi pa galimoto imodzi ndiko kumatulutsa phindulo. Pimitsani thumba lililonse pa sikelo pamaso panu, chifukwa ndowa zoyezera sizifanana.

Posunga pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuthira mankhwala a nankafumbwe monga Actellic, motsatira muyezo wolembedwa pa botolo. Yachiwiri ndi matumba a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi thumba lolukidwa kunja, ndipo safuna mankhwala chifukwa tizilombo timafa ndi kusowa mpweya. Pulasitiki aliyense amangidwe payekha, mutafinya mpweya wonse. Thumba la PICS likabooledwa ndi khoswe kapena likamatsegulidwa pafupipafupi, ntchito yake yatha. Matumba onse akhale pa matabwa, osagunda pansi kapena khoma. Dziwaninso kuti mgaiwa umatulutsa ufa wochuluka pa thumba kuposa woyera, popeza pokonola gawo lina limapita ku madeya. Ngati a pakhomo salola mgaiwa tsiku lililonse, madeyawo musawasiye kuchigayo, ndi chakudya cha nkhuku.

Moto, magetsi ndi madzi

Pa mayunitsi a ESCOM, zodya kwambiri ndi zimene zimatentha: hotipuleti, ayironi, ketulo ndi giza. Mababu ndi tchaja zimadya pang'ono. Sitani zovala za sabata yonse nthawi imodzi. Nyemba ziviikeni usiku wonse musanaphike, zimapsa msanga ndipo makala amatsala. Mbaula ya dongo ya Chitetezo imasunga moto kuposa mafuwa atatu. Pa madzi a Lilongwe Water Board, tsekani mipopi yonse, werengani mita, dikirani ola limodzi, muwerengenso. Nambala ikasuntha, penapake pakudontha, ndipo nthawi zambiri ndi thanki ya chimbudzi.

Ngongole: yambani ndi yoluma kwambiri

Lembani ngongole zonse pamodzi ndi chiwongoladzanja chake pa mwezi. Yoyamba kuphedwa ikhale ya katapila. Ngati mwabwereka K50,000 kuti mubweze K75,000 pakutha pa mwezi, K25,000 imeneyo yapita popanda chogula, ndipo mwezi wotsatira mudzaperewera ndi ndalama yomweyo n'kubwererakonso. Khadi la kubanki ndi chiphaso chanu musasiye m'manja mwa wobwereketsa. Njira yotulukira ndi kubwereka kamodzi kumalo a chiwongoladzanja chotsika, monga ku SACCO ya kuntchito (bungwe losunga ndi kubwereketsa ndalama kwa mamembala ake), kutsekeratu katapilayo, n'kumabweza pang'onopang'ono.

Banki mkhonde ndi chipereganyu ndi zabwino ngati cholinga chake chadziwika. Konzani kuti mwezi wanu wolandira chipereganyu ugwe mu Meyi kapena Juni, nthawi yogula chimanga. Cholakwika chachikulu ndi kulowa magulu atatu kapena anayi n'kumabwereka kwina kuti mubweze kwina; pogawana mu Disembala mumapeza kuti masheya onse adyedwa ndi ngongole. Gulu limodzi, la malamulo olembedwa, la buku loonedwa ndi mamembala onse pa msonkhano uliwonse, ndi lokwanira. Ndipo ikani lamulo ili pakhomo: ngongole iliyonse ithe tsiku lopuma lisanafike. Ngongole ya zaka zisanu kwa wotsala ndi zaka zitatu idzadya penshoni.

Penshoni yanu muione ndi maso

Lamulo la penshoni limati wolemba ntchito azipereka 10 peresenti ya malipiro owerengera penshoni, wantchito 5 peresenti. Pa malipiro a K400,000, inu mumadulidwa K20,000, abwana amaikapo K40,000, zonse K60,000 pa mwezi, K720,000 pa chaka phindu lisanalowepo. Uwu ndiwo mtengo weniweni wa chaka chimodzi chowonjezera pa ntchito. Koma kudulidwa pa peyisilipi sikutanthauza kuti ndalamayo yafika kuthumba. Olemba ntchito ena amadula osatumiza, ndipo wantchito amazindikira akupuma. Choncho pemphani sitetimenti kwa kampani yoyendetsa penshoni yanu kamodzi pa chaka, muiyerekeze ndi mapeyisilipi mwezi ndi mwezi. Mukapeza miyezi yodumphidwa, lembani kalata kwa abwana, musunge kope yake. Zikapanda kusintha, dandaulo lipite kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Ngati munagwirapo ntchito kwina, fufuzani ndalama zimene munasiya kumeneko, zikhoza kusamutsidwira kuthumba lanu la tsopano. Onaninso fomu ya olandira ndalama inu mutamwalira: ngati munaidzaza musanakwatire kapena ana ena asanabadwe, idzazeninso, chifukwa mikangano yambiri ya abale imayambira pa pepala limeneli.

Lamulo latsopano la 2023 linakweza gawo lotenga nthawi imodzi popuma kuchoka pa 40 kufika pa 50 peresenti, ndipo linatsitsa nthawi imene munthu amene ntchito yamuthera amadikira asanatape penshoni yake, kuchoka pa miyezi 6 kufika pa 3. Izi zathandiza ambiri, komabe yesero lake n'lalikulu. Ndalama yotapidwa muli ndi zaka 40 siidzapezekanso pa 60, pamodzi ndi phindu limene ikanabereka zaka 20. Muitape pokhapokha njira zina zonse zitatsekeka. Gawo lotsala popuma limabwera ngati malipiro a mwezi, ndipo musanasaine funsani funso ili: kodi malipirowo azikwera zinthu zikamadula, ndipo akazi anga kapena amuna anga adzalandira chiyani ine nditapita? Mayankho ake akhale olembedwa. Ochita malonda ndi maganyu, amene alibe bwana wowadulira, lamulo lomweli limawalola kutsegula penshoni yaokha n'kumaponyamo mwa kufuna kwawo.

Denga, kabizinesi ndi thupi

Lendi siipuma pa ntchito. Wopuma akukhala m'nyumba ya lendi ku Area 18 kapena ku Biwi amaona penshoni ikuthera kwa alandilodi. Ngati muli ndi puloti, mangani pang'onopang'ono mudakali pa malipiro: zipinda ziwiri zomalizidwa, za zitseko ndi chimbudzi, zimaposa nyumba ya zipinda zisanu yoima pa mawindo. Musanalipire puloti, tsimikizani umwini wake ku ofesi yoyenera, kaya ndi Lilongwe City Council, Malawi Housing Corporation kapena unduna wa za malo, popeza puloti imodzi imatha kugulitsidwa kwa anthu awiri.

Bizinesi iyambidwe zaka zingapo musanapume, ndi ndalama yochepa imene mungathe kuitaya osagona ndi njala. Ambiri amadikira ndalama ya penshoni n'kugula minibasi kapena nkhuku mazanamazana pa ntchito imene sanaigwirepo, ndipo chaka chisanathe mpamba wapita. Yambani ndi anapiye 50, mulembe mtengo wa chakudya, katemera ndi makala owafunditsira, muone chotsala mukagulitsa. Mukabwereza katatu n'kupeza phindu, pamenepo kulitsani. Ndalama ya bizinesi ikhale ndi kope lake ndi nambala yake ya foni, isasakanikirane ndi ya ndiwo.

Kugwira ntchito mpaka zaka 60 kapena kupitirira kumafuna thupi lolola. BP ndi shuga zimayamba mwakachetechete, ndipo sitiroko imadula malipiro tsiku limodzi. Kayezetseni kuchipatala cha boma chapafupi ngakhale simukumva kupweteka, ndipo mukapatsidwa mankhwala musawasiye chifukwa choti mwapeza bwino. Funsani kuntchito ngati sikimu ya chipatala imapitirira mukapuma; yambiri imathera tsiku lomwelo, ndiye mtengo wa mankhwala ulowe mu mulu wa zosasuntha kuyambira tsopano.

Chomaliza ndi chovuta kuchiyankhula: achibale. Kuthandiza akumudzi ndi ana a abale ndi udindo umene sitiuthawa, koma upatseni muyezo. Gwirizanani m'banja ndalama ya mwezi yothandizira, muilembe m'kope, ndipo muwauze amene mumawathandiza kuti ifika pa tsiku lakuti. Ana aakulu amene ayamba ntchito koma akukhalabe pakhomo apatsidwe bilu imodzi, kaya ya madzi kaya ya magetsi, ndipo auzidwe chaka chimene malipiro a bambo kapena a mayi adzasiye kubwera.