Zimbalangondo zikayamba kutsika kumidzi ya ku Akita: zomwe ndaphunzira

Abale anga amene mukubwera kuno kumpoto kwa Japan, kaya ndi sukulu kaya ndi ganyu, makamaka mukapatsidwa nyumba kumudzi ngati ine, tamvani izi Okutobala asanafike. Ine mawu akuti chimbalangondo ndinkangowamva kutchalitchi basi, mpaka tsiku lina m'mawa ndikupita kukataya zinyalala ndinapeza ndowe zakudakuda zodzaza ndi nthanga za chipatso chotchedwa kaki pansi pa mtengo wake, mamita ochepa chabe kuchoka pawindo la kuchipinda kwanga. Agogo a nyumba yoyandikana anangoyang'ana kamodzi n'kunena "kuma", ndiye kuti chimbalangondo, kenako n'kuloza mtengowo ngati akundiimba mlandu kkkk.

Ndipo anali ndi zoona. Chilombochi sichibwera chifukwa chakudani ayi, chimabwera ndi njala. Kuyambira Seputembala mpaka Novembala chimadya ngati chopenga kuti chinenepe chisanakalowe kuphanga n'kugona nyengo yonse ya chipale chofewa, ndiye chaka chimene mitengo ya buna kumapiri sinabereke mtedza wake, zimatsika kumidzi. 2023 zinali choncho, m'chaka cha boma chimenecho anthu 219 anavulazidwa m'dziko lonse, 6 anamwalira, ndipo 70 anali a ku Akita konkuno. Mu Novembala 2025 zinafika poti boma linatumiza asilikali, kuyambira ku Kazuno, tawuni ina ya ku Akita konkuno, kudzathandiza kunyamula ndi kutchera misampha. Zimbalangondo za kuno ku Honshu, chilumba chachikulu cha Japan, ndi zakuda zija zokhala ndi mzere woyera pachifuwa ngati mwezi wongooneka kumene, za ku Hokkaido, chilumba cha kumpoto kwathu kuno, ndi mtundu wina, zofiirira ndipo zazikulu kwambiri.

Ndiye choyamba yang'anani pakhomo panu ngati ndinu chimbalangondo chanjala. Kaki, chipatso cha olenji chooneka ngati tomato wamkulu, ndi amene amakoka kwambiri, pamodzi ndi mtedza wa kuri. Kumidzi kuno kwatsala okalamba, achinyamata anathawira ku Sendai ndi ku Tokyo, nyumba zambiri ndi mabwinja ndipo mitengo imangobereka popanda wothyola. Kwathu mango sangafike powolera mumtengo, ana angalole? Kuno zimawolera pompo. Ngati mtengo uli pabwalo panu thyolani zonse ngakhale zisanapse, zogwa pansi tolani tsiku lomwelo, ndipo ngati ndi wa landilodi mufunseni kaye, ambiri amavomera kuudula kumene. Ife tinathyola ndi nsungwi yong'amba kunsonga, agogo aja anasenda n'kumangirira pazingwe kuti ziume, koma kuyanika kwake m'mwamba, osati pakhonde lapansi.

Zinyalala tulutsani m'mawa wa tsiku lomwe galimoto ikubwera, osati usiku, ngakhale mukuchita ulesi kudzuka. Zotsala za nsomba ine ndimaziika mufiriza mpaka tsikulo. Dzenje la manyowa, madeya a mpunga, chakudya cha galu, migolo ya ndiwo zoviika mumchere imene anthu amasunga m'shedi, zonsezo zimanunkhira patali, ngakhale petulo ndi penti zimachikoka eti. Shata ya galaja ndi chitseko cha shedi tsekani nthawi zonse, masana omwe, chifukwa chikalowa n'kubisala mkati inu n'kutsegula mosadziwa, mwakumana maso ndi maso popanda kothawira, ndipo anthu ambiri avulala choncho. Tchire lozungulira nyumba lambulani, chimakonda kuyenda mobisala. Ngati muli ndi kadimba kapena ming'oma ya njuchi, waya wamagetsi ndi amene amagwira ntchito, kafunseni kuofesi ya khonsolo chifukwa madera ambiri amathandizako ndalama.

Musaganize kuti mtawuni ndiye mwapulumuka. Pa 30 Novembala 2024 chinalowa musupamaketi ku Tsuchizaki mumzinda wa Akita momwemo, n'kuvulaza wantchito, n'kukhalamo masiku awiri chikudya nyama mpaka anachikola mumsampha.

Poyenda, nthawi yoipa ndi mbandakucha ndi madzulo kukamachita chisisira, ndipo mu Novembala ikamakwana 5 koloko kwada kale. Kabelu kaja ana asukulu amapachika pachikwama, kuma suzu, gulani, ndi kotchipa. Ine poyamba ndinkachita manyazi kumalira ngwenjele ngwenjele ngati mbuzi, pano ndimawonjezera ndi wailesi ya pafoni. Ma headphone ayi ndithu. Cholinga chake n'choti chikumveni muli patali chizipatuka chokha, koma pafupi ndi mtsinje kapena kukamagwa mvula phokoso silimveka ndiye ombani m'manja, imbani nyimbo, bola. Musanatuluke tsegulani Kumadas, mapu a paintaneti a boma la Akita oonetsa pomwe chaoneka posachedwa. Spuleyi ya tsabola ndi yodula koma ngati mwagula ikhale m'chiuno, ya mkati mwa chikwama ndi yopanda ntchito.

Mukakumana nacho musathamange, chimafika pafupifupi makilomita 40 pa ola ndipo chimakwera mitengo kuposa inu. Musakuwe, musagende, bwererani chambuyo pang'onopang'ono mukuchiyang'ana, ngati pali galimoto kapena polo ya magetsi ikhale pakati panu. Mukaona kamwana, ngakhale kakongole bwanji, foni m'thumba, mayi ake ali pompo. Chikakulumphirani gonani chafufumimba, manja agwirane kumbuyo kwa khosi, zigongono zitchinge nkhope, chifukwa chimakonda kumenya kumutu ndi kumaso, chikwama chisiyeni kumsana. Chikachoka imbani 119 ngati mwavulala, 110 ngati mwangochiona.

Ndipo nenani ndithu, ngakhale Chijapani chanu chili chothyokathyoka ngati changa. Tsiku la ndowe lija ndinangoti "kuma" ndi dzina la mudzi, pasanathe ola galimoto ya khonsolo inali ikuzungulira ndi chimkuzamawu, madzulo ake makolo onse anakatenga ana kusukulu pagalimoto.